Ufa wa neba uja, ndi Mulungu kapena ndi munthu chabe?

Amayi a ku Ndirande: Abale anga mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku koma tulo sitikubwera nde ndati bola ndiyankhule ndi inu. Ambiri mukudziwa kuti bambo a kunyumba kuno ntchito inawathera mu Okutobala, kampani inachepetsa madalaivala iwo nkukhala m'gulu la ochotsedwa. Tindalama tomwe anawapatsa tinalipira lendi ya miyezi itatu ndi fizi ya wamkuluyu, totsala tadya. Ine mandasi ndikugulitsabe koma ndi mmene mafuta ophikira ndi fulawa zakwereramu phindu lake ndi la sopo ndi mchere basi. Lachiwiri lapitali ufa unatheratu, ndinachita kukutumula thumba kuti ana amweko kaphala, madzulo tinagona ndi tiyi. Sindinama kuti ndinasala kudya kapena kuchezera kupemphera ayi, mphamvu zake ndinalibe, ndinangoti Atate mukuona, basi nkugona. Lachitatu m'mawa cha m'ma 6 ndikumva odi, kutsegula ndi neba wanga, mayi amene tinayambana chaka chatha pa nkhani ya bilu ya madzi, kuyambira pamenepo moni wathu unali wa pakamwa chabe. Asenza beseni la mgaiwa, pamwamba kamtolo ka nkhwani, akuti achimwene awo abwera ndi thumba kuchokera ku Ntcheu nde anati atigawireko. Ine misozi, ndinalephera ndi kuthokoza komwe.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Nditayamba kuimba m'nyumba kuti Mulungu wayankha, bambo anandiuza kuti mayi musamangoti Mulungu Mulungu, ameneuja ndi neba, anamva mwana akulira usiku, khoma lake ndi lomweli. Ine ndinasowa chowayankha. Iwo si munthu wonyoza za Mulungu, kutchalitchi amapita, koma masiku ano asintha. Nde ndifunseko, ufa umene uja anatipatsa ndi Mulungu kapena ndi chifundo cha munthu chabe?

Anabanda: Amen amayi, Yehova Yire! Mulungu sagona

Asisi a ku Zomba: Ndalira powerenga. Ndi Mulungu ameneyo, asakusokonezeni

Achimwene a ku Joni: Mulungu inde, koma bambowo ali ndi mfundo, musathamangire kuwatsutsa. Ndibwera ndifotokoze, ndili pa ntchito

Aphunzitsi opuma: Mwadzuka bwanji nonse. Amayi, uthenga wanu ndauona m'bandakucha ndipo ndakhala ndikuulingalira. Ine ndikuona kuti inu ndi bambo nonse mwanena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yake. Tsegulani 1 Mafumu 17. Mvula itasiya kugwa, Eliya anakabisala ku mtsinje wa Keriti ndipo akhwangwala ankamubweretsera mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo. Pamenepo palibe angatsutse, zinali zodabwitsa zenizeni. Koma mtsinje uja unaphwa. Mulungu akanatha kupitiriza ndi akhwangwala aja kwina, koma sanatero, anamutumiza ku Zarefati kwa mayi wamasiye, mlendo, wosakhala Mwisraele, amene ankatola tinkhuni kuti aphike chakudya chomaliza iye ndi mwana wake kenako afe. Ndipo Mulungu akuti ndalamula mayi wamasiye kuti akakudyetse, chonsecho mayiyo sanamve mawu aliwonse kuchokera kumwamba, iye anangoona munthu wotopa akupempha madzi. Neba wanuyo naye anangomva mwana akulira kuseri kwa khoma. Koma ndi angati amamva mwana wa mnzawo akulira nkungotembenuka pa mphasa? Ndipo munthu woti munayambana naye? Thumba lija nkufika sabata yomweyo? Kumva anamva ndi makutu ake, koma chimene chinamudzutsa m'mawa nkumusenzetsa beseni, ine ndimachitchula kuti Mulungu.

China chimene ndimakonda pa nkhaniyi, mbiya ya mayi uja siinadzadze mpaka kusefukira. Malemba angoti ufa sunathe, mafuta sanachepe. Tsiku lililonse ankapezamo wa tsiku limenelo. Mana m'chipululu chimodzimodzi, Eksodo 16, wosunga za mawa ankazipeza zitachita mphutsi, kupatula za tsiku la Sabata. Nde musadabwe kuti labwera beseni osati thumba.

Anabanda: Eee aphunzitsi mwatidyetsa m'mawa uno

Amayi a ku Ndirande: Zikomo aphunzitsi. Zoti mayi uja sanamve mawu ochokera kumwamba sindinaziganizirepo

Achimwene a ku Joni: Ndabwera tsopano. Aphunzitsi ndagwirizana nanu koma ndiloleni ndinene chimene chimandiwawa ine, mwina ndi chomwenso chikuwawa bambowo mbali ina. Ine ndili kuno ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi, ndimagwira ya m'galadeni kwa mabwana atatu osiyana, ndimagona m'kachipinda ka malata ndi anzanga awiri, nthawi yozizira mu Juni kuno simungakufune. Mwezi uliwonse ndikalandira ndimathamangira ku Mukuru, amayi kumudzi, ana a malemu achemwali anga awiri, fetereza, malata a nyumba, zonse ndi ine. Ndalama ya kwathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anthu ankati a ku Joni mwalemera, osadziwa kuti zinthu kumudziko zinakwera kuposa pamenepo ndipo mafoni opempha anawirikiza. Tsiku lina mlamu wanga ananditumizira vidiyo, amayi aima kutsogolo m'tchalitchi akuchitira umboni kuti chaka chino Mulungu wandipatsa matumba awiri a fetereza sindikudziwa kumene achokera. Sindikudziwa kumene achokera! Abale ine ndinakhala pansi, mwezi umenewo ndinali nditadya buledi ndi madzi a shuga sabata yathunthu kuti matumba amenewo apezeke. Sindikulimbirana ulemu ndi Mulungu ayi, ndine ndani ine. Koma nthawi zina mawu oti Mulungu wapereka timawagwiritsa ntchito pothawa kunena zikomo kwa munthu amene wakhetsa thukuta.

Asisi a ku Leeds: Achimwene mwandilankhulira. Ine ndimasamalira okalamba kuno, mashifiti a maola 12, msana unatha kale. Kumudzi amangoti Mulungu wa asisi ndi wamkulu. Wamkulu inde koma kundifunsako kuti mwadzuka bwanji kopanda pempho kumbuyo kwake ndimakufunanso

Anaphiri a Mvano: Ana anga, ine ndine kholo ndipo mawu anuwa andilasa. Mwina nanenso ndinachitapo zimenezi kwa mwana wanga osadziwa. Koma achimwene a ku Joni, amayi anuwo ndikuwamvetsanso pang'ono. Kumudzi munthu sumaima pagulu nkunena kuti mwana wanga wanditumizira zakuti zakuti, amaopa nsanje, amaopa kuti anthu akuchitirani zoipa kapena mawa onse adzakhala pakhomo kudzabwereka. Mwina pobisa dzina lanu ankakutetezani. Koma pa foni, muli awiri, anayenera kukuthokozani ndithu. Muwauze mwaulemu mmene munamvera, kholo limamva.

Aphunzitsi opuma: Pamenepa Paulo amatithandiza. Vesi imene timaikonda tonse ija, Afilipi 4:19, yoti Mulungu wanga adzakwaniritsa chosowa chanu chilichonse, timaidula pa nkhani yake. Yambirani pa vesi 10. Paulo ali m'ndende, mpingo wa ku Filipi wasonkha mphatso nkutuma Epafrodito kukapereka, ndipo munthuyo anadwala mpaka pang'ono kufa pa ulendo umenewu, zili pa mutu 2. Paulo akuwatchula, akuwauza kuti munachita bwino, akukumbutsa kuti ngakhale ali ku Tesalonika anamutumizira kangapo. Akatha kuthokoza anthu ndi pamene akunena za Mulungu wopereka. Ndipo lonjezo lija akulipereka kwa anthu amene apereka, kutanthauza inuyo achimwene ndi asisi a ku Leeds.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi zikomo. Ndiwerenga usiku uno. Amayi Anaphiri, za nsanjezo ndi zoona, sindinaganize mbali imeneyo

Mnyamata wa kwaya: Ine ndingowonjezera kuti amayi a ku Ndirande, kuti khomo litseguke kwambiri pamafunika kufesa mbewu. Mayi wa ku Zarefati uja anayamba wapatsa mneneri kaye nde ufa sunathe. Luka 6:38 akuti patsani ndipo mudzapatsidwa. Ngakhale kochepa kamene muli nako mukafese kwa munthu wa Mulungu, bambo ntchito ipezeka. Ine ndinafesa ndipo ndinapeza malo pa shopu

Asisi a ku Zomba: Ayi ayi ayi m'bale wanga, pamenepo pokha ndikana. Mng'ono wanga weniweni anatenga fizi ya mwana ya teremu yonse kukafesa kwa mneneri wina amene anamulonjeza kuti pakutha masiku 21 mwamuna wake aitanidwa ku ntchito. Masiku 21 anatha, miyezi inatha, mwana anabwezedwa kusukulu, atabwerera kukadandaula anamuuza kuti chikhulupiriro chako nchochepa fesanso. Anakatenga katapila. Banja linatsala pang'ono kutha chifukwa mwamuna sankadziwa. Mpaka lero kutchalitchi kulikonse sapita, akuti Mulungu anamubera. Amayiwa ufa akuchita kupatsidwa ndi neba nde mukuti akafese chiyani?

Mnyamata wa kwaya: Asisi sindikunena za aneneri onyenga, alipo enieni. Kupereka ndi lamulo la Mulungu, Malaki 3:10

Abambo a ku Kasungu: Kupereka palibe akukana, chakhumi ndi chopereka timapereka mu mpingo mwathu ndipo pali komiti, ndalama zimawerengedwa poyera. Koma kugula dalitso ndi nkhani ina

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga wa kwaya, ndikudziwa ukunena ndi mtima wabwino ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti unapeza ntchito. Koma taona 2 Mafumu 4. Kumeneko kulinso mayi wamasiye, mwamuna wake wasiya ngongole, wangongole akubwera kudzatenga ana ake awiri akhale akapolo. Elisa sanamupemphe kanthu ngakhale kamodzi. Anamufunsa kuti uli ndi chiyani m'nyumba, nkumutuma kukabwereka zotengera kwa anansi ake, ndipo mafuta atachuluka anamuuza kuti kagulitse, ubweze ngongole, zotsalazo udye ndi ana ako. Mwaonanso anansi alowamo m'nkhaniyi, popanda mbiya za aneba mafuta akanathiridwa poti? Eliya ku Zarefati naye sanatenge mkate nkukwera galimoto kumapita, anakhala pakhomo pomwepo, njala yawo inali njala yake, ndipo mwana wa mayiyo atamwalira anali pomwepo kulira kwa Mulungu. Komanso pa Marko 12, Yesu asanayamikire mayi wamasiye woponya tindalama tiwiri uja, m'mavesi a pamwamba pake pomwepo wadzudzula alembi amene amadya nyumba za akazi amasiye. Ziwirizi zinalembedwa moyandikana dala.

Mnyamata wa kwaya: Ndamva aphunzitsi. Amayi pepani ngati ndakulemetsani, sichinali cholinga changa

Amayi a ku Ndirande: Palibe kanthu mwana wanga, unafuna kuthandiza

Abambo a ku Kasungu: Ine monga mlimi ndinene mbali ina imene sitiikonda. Chisamaliro cha Mulungu nthawi zina chimabwera mu Meyi ife nkuchigulitsa kwa mavenda pa mtengo wozizira, kenako mu Januwale tikugula chimanga chomwecho modula tikulira kuti Mulungu watitaya. Sindikunena amayi a ku Ndirande, iwo ali m'tauni munda alibe, ndikunena ife a kumudzi. Yosefe ku Ejipito sanangomasulira maloto a Farao nkukhala pansi, anasonkhetsa limodzi mwa magawo asanu a zokolola zaka zisanu ndi ziwiri zonse za dzinthu, ndipo nkhokwe zimenezo ndi zomwe zinapulumutsa banja la bambo ake lomwe. Chaka cha 2024 El Niño atatiotchera chimanga, boma mpaka linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, kwathu kuno amene anapumako ndi amene anali ndi kamunda ka mbatata ndi chinangwa kapena dimba. Ine ndinapulumukira mbatata imene mayi a kunyumba anaumirira kuti tibzale ine ndikukana. Nzeru imene ija ndimaiwerengera kuti inachokera kwa Mulungu kudzera mwa iwo.

Anabanda: Zoona, ndi banki mkhonde yomwe. Ife ya amayi a kumpingo inatiombola pa fizi chaka chatha

Malume a ku Chilobwe: Ndakhala ndikuwerenga kuyambira dzulo osayankha. Ndinalemba nkufufuta kawiri. Koma ndiloleni ndifunse, ndipo musandiyankhe mothamanga chonde. Mu Malichi 2023 Freddy atabwera, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku. Mchemwali wanga, mwamuna wake ndi ana awiri anapita usiku umenewo. Mtembo wa wamng'onoyo sitinaupeze mpaka lero. Mchemwali wangayo anali munthu wopemphera kuposa ine kutalitali, wa kwaya, wosaphonya mapemphero a m'mawa, madzulo amenewo anandiimbira foni kuti mvulayi yanyanya tipemphere. Anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi amene tsiku limenelo anagona kwathu chifukwa mvula inamutsekereza. Ndikumulera ine. Anthu opitirira 1,000 anafa m'dziko muno ndi namondwe ameneyu, ambiri mwa iwo ankapemphera. Nde mukamanena kuti Mulungu anatuma beseni la ufa ku Ndirande ine ndimasangalala nanu, zoona ndithu, koma mumtima ndimafunsa kuti Iye amene anakumbukira beseni analekeranji kugwira phiri? Masalimo 37:25 akuti sindinaone wolungama atasiyidwa. Ine ndinamuona.

Anabanda: Pepani malume. Zonse ndi chifuniro cha Mulungu, anawakonda kwambiri nchifukwa anawatenga

Asisi a ku Zomba: Anabanda chonde, atipempha kuti tisathamange

Malume a ku Chilobwe: Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri ku kampu ndi pa maliro. Ndikudziwa mumanena pofuna kutonthoza. Koma mwana wa zaka 11 sungamuuze kuti Mulungu anakonda amayi ako nchifukwa anawakwirira m'matope. Anandifunsa kuti nde ineyo sandikonda?

Anabanda: Mundikhululukire malume. Ndalankhula mosaganiza

Anaphiri a Mvano: Malume, ine yankho ndilibe ndipo sindiyesa. Ndinaika ana awiri m'manda zaka za m'ma 1990, nthawi imene matenda aja ankatitha mankhwala kulibe, ndinatsala ndi zidzukulu zinayi m'manja ndili wamasiye. Anthu ankabwera ndi mavesi, ine ndinkangofuna wina akhale nane pa mkeka. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba aja pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu, analakwa atatsegula pakamwa kuyamba kufotokoza. Nde ine ndakhala nanu pansi malume. Funso lanulo musalibise, mufunseni Iye mwini, Masalimo adzadza ndi anthu ofunsa kuti mpaka liti, ndipo Yesu pa mtanda naye anafunsa kuti mwandisiyiranji. Sanachimwe pofunsa.

Aphunzitsi opuma: Amayi Anaphiri anena zimene ine sindikanatha. Ndingoikapo chimodzi chokha, osati kuyankha funso lanu malume koma kuchotsa bodza limene ena amanena. Pa Luka 13 Yesu anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera nkuwapha, ndipo anakana poyera kuti sanali ochimwa kuposa anzawo. Nde aliyense amene anganene kuti a ku Chilobwe kapena a ku Mulanje ndi Phalombe analangidwa, kapena kuti pemphero lawo linali lochepa, akutsutsana ndi Yesu. Chifukwa chimene phiri linatsikira pa nyumba ya mchemwali wanu nkusiya ina, ine sindinapatsidwe. Ndili ndi zaka 71 ndipo mndandanda wa mafunso amene ndidzafunse ndikadzafika ndi wautali. Chimene ndagwiritsitsa ndi choti pa manda a Lazaro, Yesu akudziwa bwinobwino kuti amuukitsa, analirabe. Mulungu amene ndimamukhulupirira si woonerera patali.

Malume a ku Chilobwe: Zikomo amayi, zikomo aphunzitsi. Kupemphera sindinasiye, kungoti pemphero langa linafupika. Pali vesi imene mchemwali wanga anaidula mzere m'Baibulo lake limene anaiwala kwathu, ndi chinthu chake chokhacho chimene tinatsala nacho, Habakuku 3:17 ndi 18, ija yoti ngakhale mkuyu usaphuke, m'khola mulibe ng'ombe, ndidzakondwerabe mwa Yehova. Ine pa kukondwerapo sindinafike. Ndimangowerenga chifukwa dzanja lake linadutsapo. Ndipo ndivomere, masabata amene tinali ku kampu ya kusukulu kuja anthu osawadziwa ankabwera ndi mabulangete, ndowa, ufa, ena achisilamu ena achikhristu, anyamata ankakumba matope ndi makasu ndi manja kufuna abale a anthu ena. Panthawiyo sindinkaona Mulungu paliponse. Pano ndikakumbuka manja amene aja ndimakhala chete.

Achimwene a ku Joni: Malume mwandichititsa manyazi ndi kudandaula kwanga kuja

Malume a ku Chilobwe: Ayi achimwene, chanu ndi chanu, chimawawa ndithu. Musachichepetse

Amayi a ku Ndirande: Abale, ndinawapatsa bambo foni kuti awerenge zonse. Akhala nayo nthawi yaitali. Akuti alembe okha

Amayi a ku Ndirande: Moni nonse, ndine mwamuna wa mayiwa. Sindizolowera kulemba pa gulu nde mundipirire. Choyamba malume a ku Chilobwe pepani kwambiri, ine ndinanyamulako anthu pa galimoto masiku amenewo ndipo zimene ndinaona sindiziiwala. Chachiwiri, mawu amene ndinawauza mayi aja sikuti ndimakana Mulungu. Ndinene chilungamo, anali manyazi. Zaka 14 ndakhala ndikulowa m'nyumba muno ndi jumbo m'manja, ana kundithamangira. Lero ana anga akudya ufa wa munthu amene tinakangana naye, ine ndili gone m'chipinda. Mayi akuimba, ine ndikumva ngati nyimboyo ikunena kuti bambo alephera nde Mulungu walowererapo. Kumpingo wina anandiwerengera 1 Timoteo 5:8, yoti wosasamalira a m'banja lake waipa kuposa wosakhulupirira, ngati ndinasiya ntchito dala. Ndimadzuka 5 koloko kuzungulira ku Limbe, ku Ginnery Corner, makalata ndasiya paliponse, ndimabwera wapansi kuti ndisawononge ya minibasi. Ndikafika pakhomo ndimayamba ndaima kaye panja kuti ana agone.

Abambo a ku Kasungu: Bambo mnzanga, ndakumvani mpaka m'mafupa. Vesi imeneyo ikunena munthu amene ali nazo koma akukana kusamala abale ake, makamaka amasiye, osati munthu amene akuyenda wapansi kufuna ntchito. Amene anakuwerengerani analakwitsa. Ndipo kulandira si kulephera. Rute anakakunkha m'munda wa Boazi, ndipo sichinali chamanyazi, Mulungu anachita kulamula pa Levitiko 19 kuti pokolola musamalize m'mphepete mwa munda, musiyire osauka ndi alendo. Ndiye kuti anakonzeratu kuti tsiku lina wina adzadya za m'munda wa mnzake. Inu amene mwanyamulapo anthu ovulala pa galimoto, mwaiwala kuti tsiku limenelo beseni munasenza ndinu? Kupatsa nkuika bambo.

Anaphiri a Mvano: Ndipo musamaime panja mwana wanga. Ana sadikira jumbo yokha, amadikira bambo awo. Zidzukulu zanga zinakula zopanda bambo, ndikudziwa chimene ndikunena. Lowani, khalani nawo pa mphasa ngakhale pali phala lokha, mupemphere nawo ndinu

Amayi a ku Ndirande: Ndamva amayi. Madzulo ano ndipita ndekha kwa nebayo kukathokoza, mayi anapita kale koma ine ndinali ndisanapite. Ya bilu ija tikaithetsenso

Asisi a ku Zomba: Bambo laisensi yanu ndi ya galimoto zazikulu? Alamu anga amatenga tomato ndi mbatata ya kachewere ku Ntcheu kubweretsa ku Blantyre, dalaivala wawo wapita kumaliro ku Karonga abwera pakatha sabata ziwiri. Si ntchito yokhazikika, ndisakunamizeni, ndi maulendo mwina atatu kapena anayi basi

Amayi a ku Ndirande: Ndi ya zazikulu asisi ndipo ili bwino mpaka chaka chamawa. Ngakhale ulendo umodzi ndipita

Asisi a ku Zomba: Chabwino ndikulemberani kumbali ndikupatseni nambala yawo

Asisi a ku Leeds: Malume a ku Chilobwe, mwana uja ali kalasi yanji? Pali chimene tingathandize, yunifolomu kapena makope? Ine ndi achimwene a ku Joni tikhoza kusonkherana

Malume a ku Chilobwe: Zikomo asisi, Mulungu akudalitseni, koma inu muli kale ndi katundu wambiri. Za sukulu ndikukwanitsa, ndimawotcherera zitsulo ndipo maoda akubwera. Ali Sitandade 7, wakwanitsa zaka 13. Chimene ndikusowa si ndalama. Ine mkazi ndilibe, amayi athu anamwalira kale, ndipo mwanayu akukula, pali zinthu zimene malume sangakambe ndi mwana wamkazi. Mwezi watha ndinamupeza akulira kubafa ndipo anakana kundiuza, ndinachita kupempha mayi wogulitsa makala pafupi nafe kuti amufunse. Mvula ikayamba kugwa usiku sagona, amakhala tsonga pakhomo la chipinda changa mpaka kuche. Ndimafuna mayi wamkulu woopa Mulungu amene angamacheze naye, osati kamodzi kokha.

Anaphiri a Mvano: Malume, ine ndimakhala ku Zingwangwa, si patali. Ndalera atsikana atatu opanda mayi awo. Loweruka ndikachoka ku maliro a mnzathu wa Mvano cha m'ma 2 ndidzera kwanuko. Musamuuze kuti kukubwera alangizi, angachite mantha, mungoti kukubwera agogo ena kudzacheza. Ndibwera ndi ufa wa mtedza tidzaphike limodzi chisoso, mwana amamasuka manja akamagwira ntchito. Amakonda kuimba ngati mayi ake?

Malume a ku Chilobwe: Ankaimba. Chichitikireni zija sindinamumvepo.

Anaphiri a Mvano: Chabwino, sitimukakamiza. Nditumizireni kumbali pamene ndingatsikire minibasi, ndipo mudzandidikire pamsewu chifukwa miyendo yangayi pokwera mtunda imafuna wondigwira dzanja.